Munati Amayi Ali Kayakaya

Okondedwa achimwene Lucious,

Muli bwanji ku Wimbe kumeneko, inu ndi alamu? Ine kuno ku Blantyre thupi lili bwino, koma mtima ayi. Ndasankha kulemba chifukwa pafoni ndingalankhule zosayenera kwa munthu wamkulu.

Lachinayi lija munandiimbira kuti amayi ali kayakaya. Mumadziwa kuti Loweruka lake timu yathu ya mpira wamanja inali ndi masewero omaliza a chikho, komanso kuti osankha timu ya dziko abwera kudzationa. Aphunzitsi athu, mayi Fainala, anandilola osafunsa zambiri, anzanga n'kupempherera amayi pabwalo pomwepo. Ndinalira m'basi njira yonse mpaka ku Kasungu.

Pofika, amayi ndi awo kudimba, keni ili m'manja, akuthirira nazale ya fodya, n'kumandifunsa kuti ndadzatani. Inu mano onse panja, ati feteleza wotsika mtengo wafika pa Chamama, ndipo poti munalembetsa dzina langa, akufuna mwini chiphaso aonekere yekha. Munati mukanandiuza zoona sindikanabwera, eti mpira ndi chibwana, m'mimba mulibe tchuthi.

Chibwana, achimwene? Zaka zisanu ndi chimodzi ndikuthamanga padzuwa, mawondo otupa. Inuyo wina atakuchotsani pachigafa fodya akufuna kusoka, mungamusekerere?

Masiku awiri ndinaima pamzere, netiweki ikuvuta. Masewero athu ndinawamvera pawailesi ya bambo wina wapatsogolo panga. Princess, amene analowa m'malo mwanga, anagoletsa mpaka wowulutsa kusasa mawu. Lero dzina lake lili ku timu ya dziko, ine ndikutenthetsa benchi.

Nditabwerera, mayi Fainala anandifunsa za odwala. Bodza lanu sindinathe kulisenza, ndinawauza zonse. Anangoti: "Feggie, ukadzachokanso popanda kalata ya kuchipatala, usadzabwerere." Manyazi amene ndinachita, Mulungu yekha ndiye akudziwa.

Sindikukana kwathu. Njala ya Febuluwale ndimaidziwa, ndipo matumba awiri a fetelezawo mukanandipempha bwinobwino tikanapeza tsiku lina. Pempho langa ndi limodzi: akamalembanso mayina, langa mulichotse, mulembetse la amayi.

Dzulo m'mawa Elube, mng'ono wanga, anaimba kuti amayi akutsokomola kwambiri ndipo chifuwa chikuwawawa. Ndinayang'ana foniyo, kenako ndinamanga nsapato n'kupita kukachita masewero olimbitsa thupi. Tsiku lonse mpira umandipulumuka m'manja, chifukwa sindikudziwa ngati amayi akudwaladi kapena feteleza wachiwiri wafika. Mwandifikitsa pamenepo, achimwene. Ngati n'zoona, pitani nawo kuchipatala lero, ndipo muwapatse foni ndimve mawu awo ndekha. Anu sindiwakhulupiriranso.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa azakhali a Lefina ndi kwa Elube. Amayi muwauze kuti mwana wawo sanawataye.

Ndine mlongo wanu wokwiya,
Feggie