Chigaza cha m'munda mwanga

Lachinayi, ku Liwaladzi. Tsiku loipa, mtima ukuwawabe.

Anthu aboma ofukula zakale abweranso m'munda mwanga wa chinangwa, pamene amati makolo anamenyanapo nkhondo kalekale. Lero apeza nsonga za mikondo ndi chigaza chobooka pamphumi. Mzungu wawo anachita kuseka ndi chimwemwe, n'kuchiika m'katoni ya sopo.

Ndinati, "Bwana, ameneyo ndi munthu. Tiloleni timuike m'manda, ashehe amuwerengere pemphero la duwa."

Tcheyamani wa chipani anandikokera pambali. "A Saidi, tsekani pakamwa. Mukufuna kumveke kuti mukutsutsa boma?"

Ndinatsekadi, ndipo ndikudzida. Mawa akufuna ndikawathandize kukumba. Khasu langa silikakhudza pamenepo, ngakhale anditumizire apolisi.