Ndinafulumira ndi Mpeni

Ntaja, Machinga

Wokondedwa mlongo wanga Halima,

Asalamu alaikumu. Uli bwanji kusukuluko? Kuno tadzuka. Amayi mwendo uja wayamba kulola, ana nawonso ali bwino. Mvula yachuluka ndipo udzudzu wachita kunyanya.

Nkhani iyi ndalephera kukuuza pafoni, pakamwa pakundilemera.

Ukumbukira utabwera kutchuthi, unandifotokozera za matenda a ng'ombe amene ukufufuza, ofala ndi udzudzu ndi tintchentche toluma. Unati kachilombo kake kamasintha pang'onopang'ono pamene kakuswana, ndipo mukapima magazi mumadziwa kuti ka kuno ndi pachibale ndi ka dziko liti. Ine ndinaseka mpaka misozi, n'kukufunsa ngati kachilomboko mfunda wake ndi Mbewe kapena Milanzi. Unandichonderera kuti ng'ombe ikadzatentha thupi n'kugona pansi, ndisadzathamangire mpeni, ndidzaitane alangizi a ziweto atenge magazi. Ndinangoti eya kuti usiye kulankhula.

Sabata yatha ng'ombe yako yofiira ija, imene anakusiyira malemu amalume, inayamba kutsimphina. M'mawa mwake inagona pansi, dovu lili chuchuchu, thupi likunjenjemera, udzu osaufuna. Anthu anadzaza pakhola. Aliyense ankati Zuberi fulumira, ikafa yokha ndi haramu, utaya nyama yonseyi kudzenje. Mawu ako ndinawakumbukira ndithu, ndisaname. Koma ndinaona kuti n'zochititsa manyazi kuti ine mwinimbumba ndiuze amuna anzanga kuti ndikudikira nzeru za mlongo wanga wamng'ono.

Ndinaizinga, Halima. Potumbula tinapeza kuti inali ndi bere.

Nyama ndinagawa mudzi wonse, ndipo Lachisanu kumzikiti ankandigwira chanza kuti ndine munthu wopatsa. Ndinkamwetulira ndi ng'ombe ya eni.

Ng'ombe za a Bakari, anzathu a kuseri aja, zinagonanso chimodzimodzi. Iwo anali kumaliro ku Nkaya, ndiye panalibe wozinga. Mayi akunyumba kwawo ankangozimwetsa madzi ndi kuzitchingira dzuwa. Tsiku lachitatu zonse zinadzuka n'kuyamba kudya ngati sizinadwale. Ndinaziona ndi maso angawa zikudutsa pakhomo pathu, ndipo ndinalowa m'nyumba kukabisa nkhope.

Alangizi atabwera anatenga magazi a ng'ombe za a Bakari. Anati ku Balaka nakonso zagona zambiri, ndipo akufuna adziwe ngati kachilomboka ndi kakale kapena kasintha. Atafunsa za yathu, ndinangowalozera pamene tinakwirira magazi. Anangolongedza zida zawo n'kumapita.

Amati mawu a akulu amakoma akagonera. Sindinkadziwa kuti a ang'ono nawonso amatero. Ndakulakwira, ndipo manyazi andigwira. Amayi akukana kudya nyamayo, akuti sangadye cholowa cha mwana wawo iye asakudziwa.

Dzulo ng'ombe yanga yakuda, imene ndikufuna ikhale yako, nayo yagona. Anthu abweranso ndi mawu omwe aja. Ndawauza pamaso pa onse kuti mlongo wanga anakaniza, aseke ngati akufuna. Alangizi ndawaitana, mpeni ndausungitsa kwa amayi. Ngati mtima wako ungalole, undiimbire undiuze chochita. Ulendo uno ndimvera.

Allah akusunge ndi kukutsegulira mutu pamaphunziro. Upereke moni kwa alamu anga a Abdulrazak.

Ndine mlongo wako,
Zuberi