Mkamwini Wako Amutchuladi

Mwana wanga wokondedwa,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi onse pakhomopo. Kodi chifuwa chija chinakusiya? Ine kuno ndilipo, kupatula mawondo amene sakugwirizana ndi masitepe a nyumba ino. Khanda la mwana wako likuyamwa ngati lili pa ganyu, ndipo make wayamba kubwerera m'thupi.

Ndagwira cholembera chifukwa foni sukuyankha. Zilembo zokhotazi uziwerenga choncho, paja sukulu ndinangoinunkhiza. Mlongo wako wandiuza kuti wamanga kale chikwama, ukubwera kudzatenga mwana wako ndi khanda lomwe, ati chifukwa mkamwini wako amutchula. Khala pansi, masula chikwamacho.

Zoti amutchula n'zoona, ndinalipo. Tsiku lija ukucheza ndi mwana wako pa foni, mkamwini wakoyo, amene ndimamutcha Magalasi, anatulukadi m'chipinda akufuula kuti mayi uja wamutchula, mkazi wake n'kuyamba kulira, iwe n'kudula foni. Chikhalire umathawa ndi theka la nkhani ngati galu wolanda fupa. Koma sindikuseka kwambiri, poti nanenso ndinali nditagwira kale tsache. Ndinamufunsa kuti mimbayo ndi ya miyezi ingati. Anaseka mpaka magalasi kugwa, mkazi wake akulira uku akuseka, ine ndili chiimire ndi tsache langa ngati chitsiru.

Imva tsono. Kuntchito kwawo ku yunivesite, kutchulidwa ndi ulemu. Mwamunayu watha zaka akulemba za malamulo omangira mabanki, kuti asamachite juga ndi ndalama zimene anthu amasungitsa. Mmene anandifotokozera, banki ili ngati mbuzi: chingwe chikafupika imafa ndi njala, chikatalika imadya za eni. Iye ntchito yake ndi kuyeza chingwecho. Akalemba amadikira kuti ophunzira anzake, polemba zawo, anene kuti nzeru iyi tinaitenga kwa uje. Kutchulako ndi kumeneko. Ndiye mabwana ake, anthu aulesi, m'malo mowerenga zimene walemba amawerenga anthu amene amutchula. Akachepa, ntchito yatha. Nyumba tikugonayi ndi ya kuntchito, ndiye ganiza wekha, ndi khanda m'manja.

Chibwerere ine kuno, munthuyu amangoonda. M'mawa asanasambe ndi m'maso momwe amatsegula kompyuta kukasuzumira kanambala kali pafupi ndi dzina lake, ngati munthu woyendera msampha wosagwira. Chakudya amangochitokosa. Tsiku lina ndinamumva akudandaulira mkazi wake kuti palibe akumutchula. Ine, posadziwa, ndinamuuza kuti agwade athokoze Mulungu, amuna anzake amachita kubisala pansi pa bedi. Anangomwetulira, maso ali ofiira.

Mayi wamutchulayo ndamuona pa chithunzi. Ndi waimvi kuposa ine, wamkulu ku banki yoyang'anira mabanki ena, kudziko lakutali, ndipo sanaonanepo. Dzina la mkamwini wako analiika m'munsi mwa tsamba, tizilembo ngati nyerere, moti ndinachita kubwereka magalasi ake kuti ndilione. Ndinamufunsa ngati mafuta onse a m'thupi anathera kanyerere kameneka. Anandiyankha kuti kumeneko akonza lamulo potsata zimene iye analemba, ndiye pali anthu amene sadzapeza chitseko cha banki chotseka, thukuta lawo lili m'kati. Ndinamubwezera magalasi ake ndi manja awiri, ndipo umandidziwa kuti zimenezo sizichitikachitika.

Chimutchulire mayiyo, ena angapo atsatira, paja mbuzi imodzi ikaboola mpanda zinzake sizifunsa njira. Mabwana adzakhala pansi mwezi ukubwerawu kukambirana za ntchito yake. Kaya omutchula akwana kaya ayi, sitikudziwa.

Ndikudziwa chimene chinakuthamangitsa, mwana wanga. Unali kamtsikana tsiku limene mkazi wina anadzatchula malemu bambo ako pakhomo pathu, ndipo unandiona ndikulira kuseri kwa nyumba. Sunafune kuti mwana wako alire kulira kumene kuja. Pamenepo sindikukudzudzula. Koma pano akuliradi, ndipo womuliza ndiwe. Magalasi naye, m'malo mosangalala ndi kanyerere kake, akuyenda chozolika, akuti apongozi ake akumuyesa wachimasomaso. Dzulo sanatsegule ndi kompyuta yomwe, anangokhala n'kumayang'ana foni ya mkazi wake.

Pempho langa ndi limodzi. Umuimbire iyeyo, osati mkazi wake, umuuze ndi pakamwa pako kuti nkhani waimva yonse. Munthu asakaime pamaso pa mabwana ali ndi mitolo iwiri pamutu.

Undiperekere moni kwa amuna ako, kwa mlongo wako wonyamula nkhaniyo, kwa azakhali ako ndi adzukulu anga onse. Wamng'onoyo umuuze kuti nsapato ndamuonera, asiye kundilota.

Ndipo ukapita kutchalitchi, mupempherere mkamwini wako mokweza, kuti amutchule ambiri, akazi ndi amuna omwe, akuno ndi akunja. Abusa akatukula maso, uwauze adzafunse ine.

Ndine mayi ako,
amene tsache ndinaliika pansi kale.