Duwa la Malemu Latsala ndi Mizu Iwiri

Iminyela, Bulawayo

Okondedwa alamu a Gelesomu,

Ndikhulupirira kuti inu ndi onse ku Dedza muli bwino. Ine kuno ndilipo. Madzi akubwera kawiri pa sabata, ndipo thupi latopa, koma sindidandaula.

Ndikulemba za duwa lija anasiya alongo anu, malemu a Mildred, limene azungu omwe ankawagwirira ntchito ku Hillside ankalitcha okidi. Ndalilakwira. Nditaona mizu yake ili pamtunda, ndinayesa likuvutika, choncho ndinaikwirira ndi dothi ndi manyowa a nkhuku, monga timachitira ndi chimanga. Masamba anachita makwinya. Nditalizula, ndinapeza mizu itawola.

Bambo wina wosamalira maluwa, amene timapemphera naye, anandikalipira. Anati, "Madala, duwa ili kwawo ndi pamtengo, mizu yake imafuna mphepo. Mwaliika m'manda lili moyo."

Mizu yowolayo ndaidula ndi lumo latsopano. Yatsala iwiri yokha. Ndaliika m'makungwa osakaniza ndi makala, pawindo pomwe ankaliika eni ake.

Mwana wathu Thandeka akuti ndikakhale naye ku Joni, chifukwa cha zimene adokotala ananena za mwendo wangawu. Zimenezo tidzakambirana tsiku lina. Ndamuuza kuti ndidzanyamuka duwali likadzachita maluwa, ndipo wavomera. Bambo uja akuti likapulumuka, padzapita zaka ziwiri lisanachite. Izi Thandeka sindinamuuze, ndipo inunso musamuuze.

Mundiperekere moni kwa onse pakhomopo.

Ine mlamu wanu,
Lemson Chinkhota