Bawo la Ababa ndi Makina a ku Mangalande

Lolemba, 5 Julaye 1954

Mwera wamphamvu, fumbi mpaka m'kapu ya tiyi. Kalata yafika ku ofesi: andikweza, ndikagwire telegalamu ku Limbe. Yankho lipite ndi sitima Lachisanu la sabata yamawa. Zaka zisanu ndi zinayi ndikudikira kalata imeneyi.

Vuto ndi Ababa. Lero andifunsanso kuti ndine mwana wa yani. Mlongo wanga Mariamu akuti, "Pitani achimwene. Amene mukuwakhalirawo anachoka kalekale, latsala ndi thupi." Mawu olasa. Koma wowamwetsa phala ndi kuwachapira ndi iyeyo, ndiye ndimuyankha chiyani?

Lachitatu, 7 Julaye

Fidelis, mnzanga wophunzitsa ku mishoni, wabwera ndi nyuzipepala yakale. Akuti ku Mangalande apanga makina odzaza chipinda chonse, owerengera okha, mpaka kusewera dirafuti ndi munthu. Ha! Chitsulo chenicheni!

Ndiye wayamba zake za m'mabuku. Akuti nzeru zinayamba pang'onopang'ono mwa nyama, zinakulira mwa anthu, tsopano zikusamukira m'mawaya. Ndamufunsa: ulendo wonsewo, zikupita kuti? Kukatani? Akuti funso limenelo ndikafunse ashehe kapena ansembe. Kuthawa kumeneko. Koma landikhala m'mutu tsiku lonse ngati njere ya mpunga m'dzino.

Lachinayi, 8 Julaye

Ndapeza Ababa pakhonde, pa bawo. A Hassani osoka maukonde aja agonja katatu, thukuta kamukamu. Zodabwitsa. Ababa dzina langa aiwala, mapemphero a swala akusokoneza, koma nkhomo sasokoneza ngakhale imodzi. Dzanja likungoyenda, bowo ndi bowo, kudya, kutembenuka, kudyanso.

Kodi si makina a Fidelis amenewa? Chinthu chosewera bwino, koma mkati mulibe munthu?

Nanga ineyo? Lero ndagogoda matelegalamu khumi ndi anayi. Awiri a maliro. Ndimagogoda uku ndikutafuna chinangwa.

Loweruka, 10 Julaye

Ndafunsa Fidelis ngati makinawo amakondwa akapambana. Sakudziwa. Amadziwa kuti akusewera ndi munthu? Sakudziwanso. Mphunzitsi wanji ameneyu.

Ngati nzeru zingakhale popanda mwini wake, ndiye Mulungu anatiumbira chiyani? Kuti tizinyamule basi, monga mtengatenga, tikazitule kwa chitsulo? Astaghafirullah, Mulungu andikhululukire. Koma ndalemba, ndipo sindifufuta.

Kalata yovomera ndalemba. Kusaina ayi. Ili m'thumba la jekete.

Lachiwiri, 13 Julaye

Mariamu wandipsera mtima, akuti ndikuzengereza dala. Zoona.

Ndaganiza chochita. Mawa ndisewera nawo ndekha, koyamba chiyambire ntchito. Ndidzasiya dala nkhomo zanga poyera, mopusa, moti ndi mwana yemwe angaone. Makina angangodya basi, alibe chifukwa cholekera. Akadya, ndisaina, ndipita. Mwina ndi uchitsiru kuyesa bambo wako ngati waya wa telegalamu. Koma ndikufuna kudziwa.

Lachitatu, 14 Julaye

Ndasewera. Ndinaika bowo lodzaza pakamwa pawo penipeni. A Hassani mpaka anatsokomola.

Dzanja la Ababa linatsika, linafika, n'kuima m'malere. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Ndimati atchula dzina langa, ati Kalilu.

Sanatchule. Anati, "Iwe, bambo ako ndani? Munthu wamtundu wanji wolekerera mwana kusewera chonchi? Bweza. Khala bwino, ndikuphunzitsa ine." Anandibwezera nkhomo zanga imodziimodzi, kundionetsa pamene ndinalakwa.

Ndinalira, ine wandevu, pamaso pa a Hassani. Manyazi ndilibe.

Lachisanu, 16 Julaye

Sitima yalira kale kamodzi. Mariamu akuti palibe chasintha, sakundidziwabe, mawa adzaiwala ndi zimenezi. Mwina akunena zoona. Fidelis akuti tsiku lina makina nawonso adzaphunzira kuimitsa dzanja. Kaya. Ndikanakonda nditakhala ndi moyo mpaka pamenepo, ndione kuti adzaliimitsira yani.

Kalata ili apa, cholembera chili apa. Ku Limbe sadikira munthu kawiri.

Pakhonde ndikumva nkhomo zikugwera m'mabowo. Ayala kale bawo. Akufunsa Mariamu kuti mwana wamasiye uja abwera nthawi yanji, asachedwe, ali ndi zambiri zoti aphunzire.

Sitima yaliranso. Ndikayankhe kaye pakhondepo