Tsiku Limene Mariamo Anatsala Padoko

Mitande, 20 Juni 1999

Mwana wanga Ivo,

Moni wochuluka. Uli bwanji ku Nacala kumeneko, iwe ndi mkazi wako Salima? Ine ndilipo, bondo lakumanzere lokha ndilo likuvuta. Akulemba ndi mlongo wako Sandra. Ndamuuza alembe monga ndikunenera, asakometse.

Ana anga mwandiveka ulemu. Natália ndi namwino ku Dar es Salaam. Benvindo ali kunjanji ku Cuamba, komboyo, sitima ija, sinyamuka iye asanakweze mbendera. Sandra akuphunzitsa ku Massangulo. Iwenso ndamva kwa Chabane woyendetsa shapa, minibasi ija, kuti injini ya boti ikakanika onse, amaitana iwe. Ine wosaina ndi chala ndinabala anthu otere!

Mwezi watha Natália ndi mwamuna wake Yakobo anatiitana ku Tanzania. Tinapita atatu, ine, Benvindo ndi Sandra, masiku atatu pabasi kudzera ku Malawi. Loweruka anati tikaone mzinda. Ndinavala jekete lija lakutchalitchi. Benvindo anati ndikapsa ngati mbatata ya m'phulusa, ine ndinati munthu sayenda m'dziko la eni ngati wothawa. Pofika masana ndinali nditalikoleka pamkono, iye akungoseka.

Tinayambira kumsika wa nsomba. Ndinaona nsomba yaikulu ngati mwana wa ng'ombe, amuna awiri ataipika pamtengo. Zombo za padoko zimaposa tchalitchi cha ku Massangulo kutalika. Iwe umaziona tsiku ndi tsiku, koma ine ndinavula chipewa. Yakobo anatigulira kokonati wosakhwima, tinamwa madzi ake. Madzi a m'nyanja ndinawalawanso ndi chala, ngakhale Sandra ankati ndikumuchititsa manyazi. Ndi amchere ndithu, sananame.

Kenako anati tiwoloke tikaone mchenga woyera tsidya lina. Pali chombo chachikulu chonyamula anthu ndi magalimoto, iwo amati pantoni. Mariamo, mwana wa Natália wa zaka zisanu ndi chimodzi, anakana mayi ake nagwira dzanja langa. Chipata chitatsegulidwa anthu anakhamuka ngati ng'ombe zothamangira kumadzi. Wina anandigunda ndi njinga, jekete linagwa, ndinawerama kulitola. Pamenepo ndi pamene ndinasiya dzanja la mwana.

Ndinkayesa ali ndi mayi ake, mayi ake ankayesa ali ndi ine. Tinazindikira chombo chitachoka kale. Ndinamuona ataima padoko, diresi lake lachikasu likucheperachepera, madzi akukula pakati pathu.

Tsidya linalo onse anatsika, ine ndinakana. Yakobo anati nditsike ndikapume, abwerera yekha. Wantchito wa m'chombo anandikalipira m'Chiswahili, ine ndinamuyankha m'Chiyao, ndipo ndinagwira chitsulo osachisiya. Anandileka. Tinabwerera ndi Yakobo.

Tinamupeza atakhala pambali pa mayi wina wogulitsa chinangwa chokazinga, akudya. Sanalire. Anangoti tachedwa, ndipo agogo ndi opusa, asiya munthu n'kutola jekete. Madzulo onse ankandiyamika kuti agogo ndi olimba mtima, sanatsike. Mawu amenewo anandiwotcha kuposa dzuwa la tsikulo.

Ivo, tsopano umve chimene ndakulembera.

Chaka cha 1987, m'mawa uja tikuthawira ku Malawi, mtsinje unali wodzaza. Amayi ako ndi Natália anali atawoloka kale. Ine ndinabereka Sandra, Benvindo ndinamuika paphewa. Iwe unali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Ndinakuuza udikire pansi pa mkuyu, ndibwera. Ndili tsidya mfuti zinayamba kulira. Ndinakuona utaima pamene ndinakusiya. Ndinamva ukundiitana. Sindinabwerere, ndinathawa.

Amayi ako ndinawauza kuti ndinabwerera koma sindinakupeze. Anamwalira akukhulupirira zimenezo. Abale ako akuzimva lero. Sandra waika cholembera pansi kawiri, ndamudikira.

Utabwera mu 1994, asilikali amene anakugwira tsiku lija atakumasula, ndinakugoneka m'kanyumba ka kuseri. Ndinati munthu wochokera kunkhondo sadyera limodzi ndi anzake asanasambitsidwe. Mwambo ndi woona, ana a anzathu anasamba sabata yomweyo nalowa m'nyumba. Koma ine sindinawaitane amalume ako a Abdulu kuti adzakusambitse. Ndinkati mawa, ndinkati tikakolola. Sindinkaopa magazi a kunkhondo. Ndinkaopa kuti tikakhala pamphasa imodzi udzandifunsa za mkuyu uja pamaso pa amayi ako. Unakhala miyezi iwiri ukudya wekha, ukutithandiza kufolera denga limene sunagonemo. Kenako unapita, ndipo anthu ndinawauza kuti nkhondo inakuwononga mutu.

Sindikudziwa ngati zinthu zotere zimakhululukidwa. Sindinaphunzire, ndipo apadiri kutchalitchi sindinawafunse, chifukwa wolakwiridwa si iwo.

Dzulo ndinapalasa njinga mpaka kwa amalume ako ndipo ndawauza zonse. Anati mankhwala osambitsira ali nawo, koma woyamba kulankhula ndikhale ine, anthu onse akumva. Ndavomera. Ukafuna kusamba udzasamba, ukapanda kufuna udzalowabe m'nyumba. Chipinda cha kum'mawa tachizira kale.

Undiperekere moni kwa Salima ndi kwa apongozi. Umuuze kuti sindinamuonepo, koma nkhuku yake ilipo. Mulungu akusungeni nonse, akutetezenso panyanjapo.

Banja lonse lidzakumana kuno ku Mitande Loweruka pa 14 Ogasiti. Natália abwera ndi Mariamo. Ine ndidzakhala pa siteshoni ya Cuamba kuyambira Lachiwiri, ndipo komboyo iliyonse yochokera ku Nampula idzandipeza nditaima pachipata. Ukapanda kutsika, ndidzalankhulabe Lowerukalo, kuti dzina lako liyere.

Ndine bambo wako,
Bernardo Masautso
(chala changa ndadinda pansipa)