Mkono wa Kettie

Okondedwa Amalume,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno ku Bembeke kukuzizira, tayamba kukumba mbatatesi.

Zimene akuuzani apongozi ake a mchemwali wanga Kettie, zoti mkono wake unathyoka wokha akusenza nkhuni, ndi bodza lamkunkhuniza. Akuti opaleshoni yochepetsa chifu imene munamutengera ija inamudya mafupa. Banja lonse lija lasanduka madokotala, anthu osatha kulemba ndi dzina lawo lomwe. Ine yunivesite ndinaisiyira panjira, inde, koma zotsatira za kuchipatala ndimatha kuwerenga. Amuyeza magazi, mkonowo aujambula. Kashiamu wake ndi wokwanira, mafupa ndi olimba.

Kettie ataonda, amayi akuchigayo anayamba kunong'ona kuti ali ndi kachilombo. Amuna ake, alamu anga a Dziwani, atamuona akumwa mapiritsi olimbitsa mafupa m'mawa uliwonse, anati ndi ma ARV, n'kuwataya m'chimbudzi. Ndinamugulira ena kuti azimwa mobisa. Lachiwiri alamuwo anapeza botolo m'chikwama. Mchemwali wanga ndinamupeza pansi, magazi ali m'kamwa, mkono wamanja utapindika pamene palibe mfundo, mpini wa khasu uli pambali pake.

Mwini mbumba ndinu. Bwerani mudzachotse mkamwini ameneyu pamudzi pathu. Mukachedwa, mpini uja ndausunga ine, ndipo njira yake yochokera kumowa ndikuidziwa.

Ndine mphwanu,
Zilole

Ankhoswe agamula kuti banja ndi kupirira. Dzulo Kettie wamutsegulira mkamwini uja chitseko ndi dzanja lamanzere.